MFUMU IKADWALA, AMALAMULA NDANI?



Pali funso limene mukalifunsa anthu ena amadzidzimuka ngati mwatukwana pamaliro. Funso lake ndi ili: munthu amene akupempha voti yathu kuti akhale Pulezidenti ali ndi zaka zingati, nanga m'thupi mwake muli bwanji? Musanamalize n'komwe wina wanyamuka kale: "Mwano umenewo! Mwana wosaleredwa iwe! Ukuwafunira imfa akuluakulu?" Wina ayamba kukuyalirani miyambi, ati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ati galu wamkota sakandira pachabe. Miyambiyo ndi yoona, nafenso tidakulira momwemo. Koma tamuyang'anitsitsani amene akuiponyayo. Kawirikawiri sakhala nkhalamba ayi. Amakhala atidyenawo ovala masuti, amene pakamwa pawo pamayenda chifukwa choti nkhalambayo idakali pampando.

Ife tikuti funsani. Funsani mokweza, funsani masana dzuwa likuswa mtengo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Upulezidenti ndi ntchito, ndipo olemba ntchitoyo ndinu. Ndi ganyu ya zaka zisanu, malipiro ake amachokera m'misonkho yanu. Mwana wanu akafuna kulowa usilikali kapena upolisi amamuvula malaya, kumupima chifuwa, kumuthamangitsa mpaka lilime panja. Wofuna chiphaso choyendetsera galimoto amamupima maso. Mphunzitsi kapena kalaliki wa m'boma akakwanitsa zaka 60 amauzidwa kuti zikomo bambo, kapumeni. Ngakhale bishopu wa Mpingo wa Katolika akafika zaka 75 amalemba kalata kwa Papa yopempha kutula udindo. Nanga amene akufuna kuyendetsa dziko lonse, wolamulira asilikali onse, wosayina ngongole zimene adzabweze ndi adzukulu athu? Ameneyo malamulo athu akuti, mwa zina, akhale nzika, akhale wa zaka zosachepera 35, asakhale woti adagamulidwa kale kuti mutu wake suyenda bwino. Pa za thanzi, kwatha. Dokotala samuona. Kondakitala wa minibasi amafunsidwa zambiri kuposa iye.

TIDAZIONA NDI MASO ATHU

Achinyamata amene mudabadwa matipate atabwera kale, funsani makolo anu. Mu 1971 Nyumba ya Malamulo idawapatsa Dr Hastings Kamuzu Banda udindo wa Pulezidenti wamuyaya. Wamuyaya, munthu wa magazi ndi mafupa ngati inu ndi ine! Kuyambira pamenepo ukalamba wa a Kamuzu udasanduka chinsinsi cha boma. Mabuku a boma ankati adabadwa pa 14 Meyi 1906, koma ofufuza mbiri ambiri amati adabadwa cha m'ma 1898. Dziko lonse silinkadziwa zaka zenizeni za mtsogoleri wake, ndipo wofunsa ankadziputira ngozi. Kungonena pabwalo la mowa kuti Ngwazi yakalamba, kapena kufunsa kuti kodi ikadzapita adzalowe ndani, munthu umatha kukadzukira ku Mikuyu popanda woweruza kukuona nkhope.

Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza. Wailesi idati ndi ngozi ya galimoto. Boma litasintha, kafukufuku adapeza kuti adachita kuphedwa ndi apolisi, ndipo ambiri olemba mbiri amaigwirizanitsa imfayo ndi mkangano wa amene angagwirizire mpando mwini wake akakhala palibe. Khoti lidamasula a Kamuzu ndi anzawo pa mlanduwu mu Disembala 1995, zimenezo sitibisa. Chimene tikukumbutsa ndi chakuti m'dziko muno funso la wolowa m'malo lidakhalapo funso la magazi.

Ndiye padadza Kalata ya Mabishopu pa 8 Malichi 1992, padadza kumangidwa kwa a Chakufwa Chihana pabwalo la ndege mu Epulo, padadza riferendamu ya pa 14 Juni 1993 pamene anthu oposa 63 mwa 100 aliwonse adasankha nyali n'kusiya tambala wakuda. Zonsezi zikuchitika, mtsogoleri wa dziko adali munthu wa zaka za m'ma 90. Anthu ambiri, kuno ndi kunja komwe, ankanena kuti wofuna kuonana ndi a Kamuzu amayenera kudzera kwa Mayi Cecilia Kadzamira ndi a John Tembo, ndipo kuti zimene zinkafika m'makutu a Ngwazi ndi zokhazo zimene apakhomo alola. Koma wailesi inkangoti Ngwazi ili ndi mphamvu, Ngwazi ikuyendera mbewu.

Mu Okutobala 1993 chinsinsi chidaphulika chokha. A Kamuzu adawanyamula kupita nawo ku Johannesburg kukawachita opaleshoni ya m'mutu. Dziko lidagwera m'manja mwa bungwe la anthu atatu: a Gwanda Chakuamba, a John Tembo ndi a Robson Chirwa. Ndani mwa inu adawasankha atatuwo kuti alamulire Malawi? Palibe. A Chakuamba adali atangotuluka kumene m'ndende chaka chomwecho, atakhalamo zaka 13 pa mlandu woukira boma lomwelo. Mu Disembala asilikali adathira nkhondo Apayoniya pa Opaleshoni Bwezani, mfuti zikulira mu Lilongwe, mwini dziko ali pabedi. Patangopita masiku ochepa tidauzidwa kuti wachira, watenganso mpando.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Munthu wa zaka zimenezo, wongochoka kumene pa mpeni wa dokotala, chipani chake chidamuimikanso pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 kuti timupatse zaka zina zisanu. Ndipo anthu 33 mwa 100 aliwonse adamuvotera. Mu 1995, pa mlandu wa ku Mwanza uja, khoti lidavomereza kuti thupi lake silingalole kuti azibwera kubwalo la milandu, mlandu udazengedwa iye kulibe. Pa 25 Novembala 1997 adamwalira ku Johannesburg. Tawerengani nokha ndi zala. Akadapambana mu 1994, munthu amene sakadatha kukhala pa benchi ya khoti mu 1995 akadakhala akulamulira dziko mpaka liti? Nanga m'dzina lake akadalamulira ndani? Amene adamuimika aja ankadziwa bwino lomwe mmene adaliri. Sankafuna kuti a Kamuzu alamule. Ankafuna chipewa, ndodo ndi litchowa, kuti iwo abisale kumbuyo kwake. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ulemu wake unali uti pamenepo? Kumutenga gogo wodwala, kumukweza pa nsanja, kumugwiriziza mkono kuti akupize litchowa, ndiye ulemu umenewo eti? Kumudzi kwathu gogo akafooka timamuyalira mphasa pamthunzi, kumuphikira phala, n'kumapita kukamufunsa nzeru. Sitimupatsa khasu kuti akalime maekala asanu.

MASIKU ATATU A MU EPULO

Mwina wina anena kuti zimenezo zidali za chipani chimodzi, zidapita ndi mphepo. Ayi ndithu. Chipani chimodzi chidatha, koma khalidwe lobisa matenda a mfumu lidawoloka nafe mtsinje.

Lachinayi pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika, wa zaka 78, adagwa kunyumba ya boma ku Lilongwe, mtima utaima. Adathamangira naye ku Kamuzu Central Hospital. Komiti yofufuza imene idatsogozedwa ndi Jaji Elton Singini idadzapeza pambuyo pake kuti adamwalira tsiku lomwelo, ali m'njira asanafike n'kuchipatala komwe. Koma inu ndi ine tidauzidwa chiyani? Tidauzidwa kuti akudwala, apita nawo ku South Africa kukalandira chithandizo. Mtembo udakwezedwa ndege usiku ngati wodwala. Kafukufuku yemweyo adaulula kuti pa mapepala ena mtsogoleri wa dziko adalembedwa dzina lopeka, loti Daniel Phiri. Taganizani, munthu amene adapambana chisankho cha 2009 ndi mavoti 66 mwa 100 aliwonse, kumubisa ngati katundu wozembetsa pa chipata cha Mwanza!

Adabisiranji? Sikuti ankalira ayi. Ankagula nthawi. Malamulo amanena poyera kuti Pulezidenti akamwalira, wachiwiri wake ndiye amalize zaka zotsalazo. Wachiwiriyo adali Mayi Joyce Banda, amene chipani cha DPP chidawachotsa mu Disembala 2010. Usiku wa pa 6 Epulo nduna zisanu ndi imodzi zidaonekera pa kanema wa MBC kunena kuti mayiwo sangalowe pampando chifukwa adayambitsa chipani chawo. Za imfa sizidanene kanthu. Wailesi za kunja zidali zitalengeza kale, abale athu a ku Johannesburg ndi ku London akutiimbira foni kutipepesa maliro amene boma lathu linkati kulibe. Akadapanda kukana mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, akadapanda kuimirira oweruza, mipingo ndi amabungwe, bwenzi tikunena zina. Imfa idalengezedwa pa 7 Epulo, ndipo Mayi Banda adalumbira tsiku lomwelo. Masiku awiri athunthu dziko la anthu mamiliyoni ambirimbiri linkayendetsedwa m'dzina la munthu womwalira.

Imfa siimba ng'oma, ndipo palibe amene akudzudzula a Bingu chifukwa chomwalira. Tikudzudzula mwambo woti thupi la Pulezidenti ndi chuma cha anthu ochepa omuzungulira, oti akafuna anene, akafuna abise. Mwambo womwewo tidauonanso mu 2016, pamene Pulezidenti Peter Mutharika adatsalira ku America kwa masabata angapo msonkhano wa United Nations utatha, a boma osanena zomveka. Mphekesera zidadzaza misika ndi mafoni, ena mpaka kumulengezera maliro munthu wamoyo. Atabwera mu Okutobala akupereka moni ndi dzanja lamanzere, mwini wake adafotokoza kuti linali vuto la nyamakazi m'dzanja lamanja. Nyamakazi basi! Chikalata cha mizere itatu chochokera kwa dokotala chikadazimitsa moto wonsewo sabata yoyamba. Koma apakhomo adasankha kukhala chete, kenaka n'kumakalipira anthu kuti akufalitsa mabodza. Mukatseka chitseko, musadabwe anthu akamasuzumira pazenera.

KWA ANANSI NAKONSO

Tawolokani Mchinji. A Levy Mwanawasa adagwidwa sitiroko mu Epulo 2006, chaka chomwecho n'kuimanso pachisankho. Idawagwiranso mu Juni 2008 ali ku Egypt, ndipo adamwalira ku Paris pa 19 Ogasiti 2008 ali ndi zaka 59. A Michael Sata, mu 2014, adasowa pamaso pa anthu kwa miyezi, nduna zikuti ali bwinobwino, ulendo wa ku Israel n'kuutcha tchuthi chogwirirako ntchito. Zambia idakondwerera zaka 50 za ufulu pa 24 Okutobala mtsogoleri wake ali m'chipatala ku London, ndipo pa 28 Okutobala adamwalira ali ndi zaka 77. Kawiri konse dziko lidalowa m'chisankho chapadera, ndalama zoti zikadagula mankhwala zikupita ku mapepala ovotera. Ku Tanzania, mu Malichi 2021, nduna yaikulu idauza anthu kuti a John Magufuli ali ndi thanzi ndipo akugwira ntchito, apolisi akumanga onena kuti akudwala. Pasanathe sabata boma lomwelo lidalengeza maliro.

Ku Algeria kudachitika zoseketsa zomvetsa chisoni. A Abdelaziz Bouteflika adagwidwa sitiroko mu 2013, koma adawaimikabe mu 2014, ndipo pamisonkhano anthu ankaombera m'manja chithunzi chawo choikidwa m'felemu, eni ake osaoneka. Mu 2019 apakhomo adafunanso kuwaimika kachisanu, mpaka anthu adadzaza misewu ndipo adatula udindo mu Epulo. Ku Cameroon, mu Okutobala 2024, boma lidaletsa manyuzipepala ndi wailesi kukamba za thanzi la a Paul Biya, ndipo chaka chotsatira adalengezedwa kuti apambananso chisankho ali ndi zaka 92.

Musaganize kuti ndi matenda a anthu akuda okha kapena a mayiko osauka. Ku America, a Joe Biden adafuna kuimanso mu 2024 ali ndi zaka 81, owazungulira akulumbira kuti ali chakuthwa ngati lumo. Pa mtsutso wa pa kanema pa 27 Juni dziko lonse lidadzionera lokha munthu akutaya mawu pakati pa chiganizo. Pa 21 Julayi adasiya mpikisano, nthawi itatha kale yoti chipani chisankhe wina modekha. Atidyenawo alibe mtundu.

NANGA TIIKE MALIRE A ZAKA?

Apa ndiye tisiyana ndi anzathu ena, ndipo tinena mosapsatira. Alipo amene akuti mankhwala ake ndi kulemba m'malamulo kuti wopitirira zaka 70 kapena 75 asaime. Mawu amenewa adamveka kwambiri chisankho cha 2025 chikuyandikira. Ife tikuti njira imeneyo ndi yaulesi, ndipo ili ndi minga.

Choyamba, lamulo lobwera chisankho chili pakhomo aliyense amadziwa kuti lasokedwa pa msinkhu wa munthu mmodzi. Lero mulisokera mdani wanu, mawa wina adzalisokera inu. Ndi nzeru zomwe zija za ku Zambia mu 1996, posintha malamulo kuti a Kenneth Kaunda asaime ati chifukwa makolo awo adachokera kuno ku Malawi. Ife amene tidavotera nyali tidavotera ufulu wosankha tokha, osati kuti aphungu azitisankhira amene tingamusankhe.

Komanso nambala yokha siinena zoona. A Nelson Mandela adalowa pampando mu 1994 ali ndi zaka 75, atakhala m'ndende zaka 27, ndipo ndani angaimirire kunena kuti South Africa idalakwitsa? Pomwe a Mobutu adalanda Congo mu 1965 ali ndi zaka 35, a Yahya Jammeh adalanda Gambia mu 1994 ali ndi zaka 29, ndipo unyamata wawo sudaphindulire aliyense kupatula matumba awo. A Kamuzu amene, nkhanza sadaziyambe atakalamba. Nduna zawo zoyamba adazibalalitsa mu 1964 ali ndi mphamvu zawo zonse. A Mwanawasa ndi a Magufuli sadafike n'komwe zaka 65. Ndipo tonse tikukumbuka pa 10 Juni 2024, pamene ndege idagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kutilanda Wachiwiri kwa Pulezidenti, a Saulos Chilima, ali ndi zaka 51 zokha, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Manda safunsa chiphaso chobadwira.

Ndiponso mpanda wa nambala wamphamvu amangoudumpha. Uganda idali nalo lamulo loti wopitirira zaka 75 asaime. Litayandikira pakhosi pa a Yoweri Museveni, aphungu adaponyerana mipando m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mu Disembala 2017 lamulolo lidachotsedwa. Mu 2021 adaimanso ali ndi zaka 76.

Pa 16 Seputembala 2025 Amalawi, m'dziko limene kalembera wa 2018 adapeza kuti theka la anthu ake sadafike zaka 18, adasankha a Peter Mutharika, a zaka 85, ndi mavoti pafupifupi 57 mwa 100 aliwonse. Amene adagonja, a Lazarus Chakwera, adali ndi zaka 70. Mayi Joyce Banda adaimanso ali ndi zaka 75. Achinyamata adalipo pa pepala lovotera, anthu adawaona n'kuwadumpha. Ovota adayang'ana mtengo wa chimanga, mizere ya mafuta ndi kugwa kwa kwacha, n'kugamula. Umenewo ndi ufulu wawo, ndipo wonyoza chigamulocho akunyoza demokalase. Koma tifunse chilungamo: mwa onse 17 amene adaima, ndi angati amene lamulo lidawakakamiza kutionetsa chikalata cha dokotala? Ngakhale mmodzi. Otsatira ankati wathu ali ngati mnyamata, otsutsa ankati uyo watha, ndipo wovota ankangoyerekeza poona mmene munthu akutsikira m'galimoto. Tidagula mbuzi ili m'thumba. Kaya ndi yonenepa kaya ndi yowonda, mwayi wokha ndiwo udziwa, ndipo dziko siliyendetsedwa ndi mwayi.

Musatimve molakwa. Sitikuti zaka zilibe kanthu. Zili ndi kanthu kwambiri, ndipo wokana zimenezi akunama. Dokotala aliyense adzakuuzani kuti munthu akapitirira zaka 75 kapena 80, sitiroko, matenda a mtima ndi matenda oiwalaiwala amayandikira chaka ndi chaka. Munthu amene mukumuvotera ali ndi zaka 80 mukumulemba ntchito mpaka adzafike 85, ndipo zaka zisanu za kumeneko si zofanana ndi zaka zisanu za munthu wa 45. Matenda oiwalaiwala ndiwo oopsa kuposa imfa, pakuti imfa imaoneka, malamulo n'kugwira ntchito. Koma mtsogoleri amene mutu ukuzima pang'onopang'ono amakhalabe pampando, amavalabe suti, amasayinabe. Amasayina chimene wamuikira patebulo. Amachotsa ntchito amene wamunong'oneza. Pamenepo boma lagwa kale m'manja mwa mlonda wa pakhomo, mlembi, mkazi kapena mphwake, anthu oti simudawavotere ndipo simungawachotse ndi voti. Ku Zimbabwe zidafika pamenepo, mpaka akasinja a nkhondo adalowa mu Harare mu Novembala 2017, a Robert Mugabe ali ndi zaka 93. Zaka zikachuluka, funso likule. Zisatseke khomo, koma zitsegule chikalata cha dokotala.

CHIMENE TIKUFUNA

Aliyense wofuna Upulezidenti, wa zaka 35 kaya wa zaka 90, asanapereke mapepala ake ku bungwe loyendetsa zisankho, apimidwe ndi gulu la madokotala oima paokha. Madokotalawo asasankhidwe ndi boma, asasankhidwe ndi chipani, asakhalenso dokotala wake wa munthuyo amene amadya naye. Apime mtima, apime magazi, apime makamaka mutu: kukumbukira, kumva nkhani, kuganiza. Ndipo atiuze mwachidule ngati munthuyo angathe kusenza katunduyu zaka zisanu. Akapambana, azipimidwa chaka ndi chaka, zotsatira zizikawerengedwa m'Nyumba ya Malamulo.

Wina ati nanga chinsinsi cha wodwala? Funso labwino. Sitikufuna kudziwa chilichonse cha m'kabudula mwa munthu. Alipo Amalawi ambirimbiri amene akumwa ma ARV, ena a shuga, ena a BP, ndipo akulima, akuphunzitsa, akuyendetsa makampani kuposa ife abwinobwinofe. Kulumala nakonso si kulephera. A Franklin Roosevelt adatsogolera America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse miyendo ili yopuwala. Chimene chidalakwika kwa iwo si njinga ya olumala ayi, koma kuti mu 1944 madokotala adabisa matenda awo a mtima, anthu n'kuwavotera kachinayi, ndipo adamwalira mu Epulo 1945 pasanathe miyezi itatu chilumbirireni. Matenda amene sakhudza ntchito akhale a mwini wake. Amene akhudza ntchito ndi a tonse, pakuti wofuna chinsinsi chonse ali ndi ufulu wokhala kwawo n'kumaweta nkhuku, palibe adzamufunse.

Ndipo chikalatacho chisakhale chomuletsa munthu kuima. Chingotiuza zoona. Mukamva kuti mtima wake ndi wofooka koma inu n'kumufunabe, muvotereni, voti ndi yanu. Tikuopa kupatsa madokotala mphamvu yochotsa munthu pa mpikisano chifukwa tikudziwa za ku Tunisia, kumene mu Novembala 1987 a Ben Ali adasonkhanitsa madokotala usiku kuti asayine zoti Pulezidenti wamuyaya Habib Bourguiba wakalamba mutu, iwo n'kutenga mpando n'kuukhalira zaka 23. Cholembera cha dokotala nacho chimatha kusanduka mfuti.

Kenaka tikonze Gawo 87 la malamulo oyendetsera dziko. Ambiri simudaliwerengepo, tikuuzeni zimene limanena. Limati Pulezidenti akalephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda, wachiwiri wake agwirizire. Koma kuti zimenezo zitheke pafunika chikalata chotsimikizidwa ndi madokotala oima paokha, chosayinidwa ndi Wachiwiri kwa Pulezidenti pamodzi ndi nduna zoposa theka, n'kuchipereka kwa Sipikala. Papepala zikumveka bwino. Tsono taganizani: ndunazo adazilemba ntchito ndani? Ndi nduna iti imene ingayambe kusayina kuti bwana mutu wasokonekera, ikudziwa kuti bwana akadzuka mawa, kapena apakhomo akamugwiritsa cholembera, galimoto ndi nyumba zapita? Nanga wachiwiriyo? Tawerengani mbiri yathu. A Justin Malewezi adasiyana ndi a Bakili Muluzi nthawi yawo isanathe. A Cassim Chilumpha adamangidwa mu 2006 pa mlandu woukira boma akadali Wachiwiri kwa Pulezidenti. Mayi Joyce Banda adachotsedwa m'chipani mu 2010. A Chilima adatuluka mu DPP mu 2018. Munthu amene lamulo likumudalira kuti ayambitse nkhaniyi ndi yemweyo amene nthawi zambiri kunyumba ya boma samufuna n'komwe, ndipo akangotsegula pakamwa amuti akufuna kulanda boma. Gawoli lidalembedwa ngati kuti andale ndi angelo. Pakhale njira yoti Sipikala, Jaji Wamkulu kapena chiwerengero chodziwika cha aphungu athe kuitanitsa madokotala popanda kudikira nduna, ndipo lamulo linene poyera amene asankhe madokotalawo. Pakhalenso chilango cha ndende kwa wantchito wa boma aliyense wobisa imfa kapena kukomoka kwa mtsogoleri kupitirira tsiku limodzi.

Zimenezi zikonzedwe tsopano, chisankho cha 2030 chikadali kutali, pamene sitikudziwa kuti adzaime ndani ndipo palibe anganene kuti akumusaka. Nkhanga zidapangana kusanapse. Phungu wanu akabwera kudzagawa mipira ndi zitenje, mufunseni kuti Gawo 87 adaliwerenga kodi, nanga akuti bwanji.

Pomwe lamulo lisanasinthe, chida muli nacho kale m'manja. Mukavotera Pulezidenti mumavotera anthu awiri. Zipani zidazolowera kubisa dzina la wachiwiri mpaka tsiku lopereka mapepala, n'kumutulutsa ngati kalulu wa m'chipewa, atasankhidwa chifukwa cha chigawo chimene akuchokera kapena chifukwa choti ndi wofatsa, sangamuopseze bwana. Ife n'kumaimba nthungululu osafunsa kuti kodi ameneyu ndani. Mu 2012 tidaphunzira kuti wachiwiriyo atha kugona ali wonyozeka Lachinayi, Loweruka n'kudzuka ali mwini dziko. Wopempha voti akakhala wachikulire, kapena akamakana kuonana ndi madokotala, kapena akamatumiza anthu ena kuti azikamuyankhulira pamisonkhano, muyang'anitsitseni amene waima pambali pakeyo, ndi amene aima kumbuyo kwake atanyamula zikwama. Afunseni mayina. Afunseni kumene adagwirako ntchito ndi mmene adachokerako. Ndipo mwini wakeyo mumuuze kuti abwere yekha pabwalo, popanda pepala lomulembera, ayankhe mafunso a atolankhani ndi a anthu wamba kwa maola awiri, wailesi zonse zikuulutsa.